Ndani Adwazike Agogo?

Chichewa chili ndi mneni wakuti "kudwazika", kutanthauza kukhala pambali pa wodwala, kumuphikira phala, kumusambitsa ndi kumutembenuza pamphasa. Palinso "kuzonda", komwe ndi kupita kukamuona. Chiyankhulo sichisunga mawu opanda ntchito. Mawuwa ndi umboni wakuti makolo athu ankayidziwa ntchitoyi, ndipo ankadziwanso woyigwira.

Kwathu kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, munthu ankadalira mbumba yake. Chifukwa cha chikamwini, ana aakazi ankakhala pamudzi pomwe anabadwira, choncho mayi wokalamba sankasowa womutungira madzi. Atsikana ankagona kukuka kwa agogo awo ndi kumawasonkhera moto, agogowo akuwalangiza za moyo. Matenda akakula, mwinimbumba ndiye ankafuna sing'anga ndi kutumiza uthenga kwa abale. Munda wa wofooka ankaulima pa dima, olimawo n'kungomwa mowa kapena thobwa.

Zonsezi zinkatheka chifukwa abale ankakhala pafupi ndipo nkhokwe zinali ndi chimanga. Maesiteti a fodya atachuluka m'zaka za m'ma 1970, anthu ambiri anachoka pamudzi kukakhala matenanti, ndipo dima linayamba kugonja kwa ganyu wa ndalama. Edzi inatenga ana omwe akanadwazika makolo, n'kusiyira agogo ana amasiye. Njala ya 2002, yomwe William Kamkwamba wa ku Masitala kwa Wimbe komweko anaifotokoza m'buku lake la 2009, inaonetsa kuti nkhokwe ikakhala yopanda kanthu ubale nawo umawonda. Lero nkhalamba zina, m'malo mozondedwa, zimanamiziridwa ufiti ndi kumenyedwa ndi adzukulu awo omwe.

Sikuti kale zonse zinali bwino. Mkamwini wokalamba, mkazi wake akamwalira, ankatha kubwezedwa kwawo komwe anachokako ali mnyamata, ndipo ntchito yodwazika inkalemera amayi okha. Komabe munthu aliyense anali ndi womuyang'anira wodziwika dzina.

Boma linayambitsa Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Izi n'zabwino, koma ndalama sitembenuza wodwala pamphasa. Mafumu ndi mipingo aonetsetse kuti nkhalamba iliyonse ili ndi woyizonda, ndipo achinyamata, amuna ndi akazi omwe, adzutse dima mvula isanagwe. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambolo likauma, moto wathu tidzakazimira kuti?