Za Umoyo M'midzi: Wodwala Khunyu Amvere Yani?

Munthu wodwala khunyu sasowa alangizi. Agogo amati analodzedwa, anansi amachula sing'anga wakutiwakuti, ndipo ena amaletsa ana kudya naye m'mbale imodzi poopa kutengera. Banja limagulitsa mbuzi kulipira zitsamba, ndipo kucipatala limafika patapita zaka, kawirikawiri wodwalayo atagwera pamoto.

Khunyu ndi matenda a muubongo, ndipo thobvu la wodwala silipatsira munthu. M'maboma a Katete ndi Petauke, kumene nkhumba zimangoyendayenda m'mudzi, ena amadwala cifukwa ca njoka za m'mimba zofala kudzera m'nyama ya nkhumba. Mazira ace amatuluka m'cimbudzi ca munthu, ndipo wina akawameza m'cakudya, timphutsi timakakhala muubongo.

Bungwe la WHO limati odwala 7 mwa 10 angathe kuleka kugwa akamalandira mankhwala oyenera, monga phenobarbitone. Koma bvuto lagona apa: mankhwalawa ndi omwa tsiku ndi tsiku. Ikapita miyezi wodwala osagwa, alangizi aja amabweranso, amvekere wacira. Kiliniki ili kutali, nchito ya kumunda yacuruka, basi mapiritsi alekeka. Kuleka mwadzidzidzi kotere kumabweza khunyu mwamphamvu, mwina wodwala nkugwa mosalekeza mpaka kutaya moyo.

Madokotala amayamba kuganizira zocepetsa mankhwala wodwala akatha zaka 2 osagwa, ndipo amacepetsa pang'onopang'ono. Tsono banja lofuna kudziwa ngati mwana wacira likafunse kukiliniki kumene amalandira mapiritsi, litanyamula khadi lace.