Chotsani "public" pa rauta yanu lero lomwe

Ndatopa kumva akatswiri a netiweki akudandaula kuti SNMPv3 ndi yovuta. Yovuta pati? Ndi ulesi basi, ndipo ulesiwo ukuika pachiswe mabanki, masukulu ndi maofesi amene anawalemba ntchito.

SNMP ndi njira imene woyang'anira netiweki amafunsira rauta kapena switch kuti yakhala ikuyaka kwa nthawi yotani, ndi chingwe chiti chadzaza. Inayamba mu 1988, anthu a pa intaneti akadali ochepa komanso okhulupirirana. Mu v1 ndi v2c, kiyi wake ndi liwu limodzi lotchedwa community string, ndipo limayenda pa waya poyerayera. Aliyense amene wagwira uthengawo ndi pulogalamu ya Wireshark amaliwerenga bwinobwino. Choipitsitsa, zipangizo zambiri zinkabwera ndi "public" wowerengera ndi "private" wosinthira zinthu, ndipo ena mpaka lero sanasinthe. Kumeneko n'kukhoma chitseko kiyi n'kumusiya pomwepo.

Musaganize kuti ndikungoopseza. Mu April 2023, bungwe la NCSC la ku Britain limodzi ndi NSA, CISA ndi FBI a ku America anachenjeza kuti gulu la APT28, la akazitape a asilikali a Russia, linalowa m'marauta a Cisco mu 2021 kudzera pa SNMP. Liwu lofooka ngati "public" ndilo linawatsegulira njira. Bowo lomwe anadzerapo, CVE-2017-6742, Cisco inali italengeza kale mu 2017 n'kupereka chotsekera. Anthu anangokhala osachiika!

Chonsecho SNMPv3 inakhazikitsidwa kalekale mu 2002. Pa snmpwalk, pulogalamu yofunsira rauta, mumangolemba -v3, dzina la wofunsa, kenako -l authPriv, -a SHA ndi -x AES. SHA imatsimikiza kuti wofunsayo ndi mwiniwakedi ndiponso kuti uthenga sunasinthidwe panjira, pamene AES imaubisa. Amene waima pa authNoPriv wasiyira ntchito panjira, chifukwa mayankho a rauta akuwerengekabe. MD5 ndi DES, zimene ena amagwiritsa ntchito m'malo mwa SHA ndi AES, zinakalamba, zisiyeni. Mawu achinsinsi musamawalembe pa lamulo penipenipo, amatsalira mu history. Aikeni mu fayilo ya snmp.conf yoti ena asaitsegule. Khomo la UDP 161 lizitsegukira kompyuta yoyang'anira yokha. Ndipo v3 ilibe phindu ngati v2c mwaisiya yoyaka pambali pake.

Inu mabwana amene mumasaina malipiro, itanani katswiri wanu mawa m'mawa, alembe snmpwalk -v2c -c public pa rauta ya ofesi inu mukuona. Ikangoyankha, asaweruke asanakonze.