Chimbale Chili Ngati Buku

Achinyamata ambiri amene atsiriza sukulu kuno ku Lobi ndi madera ena a Dedza ali ndi luso loyimba. Koma chizoloŵezi chawo ndi kujambula nyimbo imodzi, kuitumiza pa lamya, ndipo pakutha pa mwezi yaiŵalika. Ife tikuti luso lotere lisoŵa nyumba yokhalitsa, ndipo nyumbayo ndi chimbale chathunthu.

M'chaka cha 1973 gulu la ku Mangalande la Pink Floyd lidatulutsa chimbale chotchedwa The Dark Side of the Moon. Nyimbo zake zonse zidalukana pa mutu umodzi: zimene zimasautsa munthu m'moyo, monga nthaŵi, ndalama, misala ndi imfa. Oyimbawo adasakaniza magitala ndi makina amagetsi opanga maliwu, kulira kwa mawotchi ndi kugunda kwa mtima. Wochimvera amayamba pachiyambi mpaka kumapeto, monga amachitira woŵerenga buku.

Tisaganize kuti luso la zimbale ndi la Azungu okha. M'zaka zomwezo anansi athu a ku Zambia adatenga gitala lolira mwaukali nalikwatitsa ndi kamvekedwe ka kwawo, ndipo padabadwa nyimbo za Zamrock. M'chaka cha 1975 gulu la WITCH lidatulutsa Lazy Bones!!, pamene la Amanaz lidatulutsa Africa. Paul Ngozi ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, chiyankhulo chimene ife timamva bwino lomwe.

Mtengo wa mkuwa utatsika, chuma cha Zambia chidaloŵa pansi, magulu adabalalika, ndipo oyimba ambiri adamwalira asanakalambe. Koma zimbale zidatsala. Kampani ya ku America ya Now-Again idazisindikizanso, ndipo Emmanuel "Jagari" Chanda wa gulu la WITCH adabwerera pansanja natulutsa chimbale chatsopano, Zango, m'chaka cha 2023. Akadapanda kusiya ntchito yogwirika, ndani akadamfunafuna?

Tsono inu aphunzitsi, monga muphunzitsa ana kulemba chimangirizo chokhala ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, aphunzitseninso kumanga nyimbo zingapo pa mutu umodzi. Mitu siisoŵa: mlimi wa kachewere amene agulitsa thumba pa mtengo wolira, mnyamata wosiya makolo kupita ku Joni, moyo wa m'malire ndi Mozambique. Ndipo inu achinyamata, musathamangire kutchuka kwa sabata imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.