Mupime waya musanagule shawa yamagetsi

Juni ndi Julayi akafika, cisanu ca m'mawa ku Petauke cimacititsa munthu kuganizira kawiri asanalowe m'bafa. Ndiyo nyengonso imene ndalama za mtedza, thonje ndi soya zimafika m'manja. Motero ena a inu amene ZESCO inakulumikizirani magetsi mwagula kale shawa yotenthetsa madzi pomwepo, ndipo ena mufuna kucotsa yaing'ono kuti muikepo yamphamvu. Kufuna madzi ofunda si mlandu. Cimene nditsutsa ndi kugula shawa musanadziwe ngati waya wa m'nyumba mwanu angaipirire, pakuti wogulitsa m'sitolo amakupatsani shawa yokha, za waya sakufunsani.

Tiwerengere pamodzi. Magetsi a m'nyumba kuno ku Zambia ndi a mavoti 230. Mukagawa mawati olembedwa pa bokosi ndi 230, mupeza maampu amene cipangizoco cimakoka. Shawa ya mawati 3,500 imakoka maampu 15, ya 5,500 imakoka 24, ya 7,500 imafika pa 33. Pulagi ya mano atatu imene mumalumikizira ayironi malire ake ndi maampu 13 okha, kotero ngakhale shawa yaing'onoyo siyenera kulowa pa soketi. Inu oweta nkhuku, taganizani za nyale za mawati 250 zofunditsira anapiye: shawa ya mawati 5,500 ilingana ndi nyale zotere 22 zoyaka pamodzi. Ndani angakolowekere nyale 22 pa waya mmodzi wa babu? Komatu ndizo zimacitika pamene mmisiri wa cangu adula waya wa nyale wa m'bafa, wa 1.5 mm², nalumikizapo shawa.

Coipa cina n'cakuti kutentha kwa waya kumakwera msanga kuposa maampu. Kucoka pa 15 kufika pa 24, waya yemweyo amatentha kuwirikiza kawiri ndi theka. Satha tsiku limodzi ai. Pulasitiki wokutira amauma pang'onopang'ono, amasweka m'denga mmene maso safika, pafupi ndi mitengo ya denga ndi matumba a mbewu amene timakonda kusunga pamwamba.

Buleka ikayamba kugwa, ambiri amaiyesa yofooka, nagula yaikulu. Apa ndipo pagona tsoka. Buleka inaikidwa kuti iteteze waya, ndipo ikagwa ikunena kuti wayayo walemedwa. Kuika ya maampu 40 pa waya wa 2.5 mm² kuli ngati kumanga pakamwa galu wouwa mbala. Shawa ifuna njira yakeyake yocokera pa bokosi la mabuleka, waya wa 6 mm² kwa ya mawati 5,500 kapena 7,500, ndi wokulirapo ngati mtunda watalika. Kwathu kuno mtunda umatalikadi, popeza bafa zambiri zili pabwalo, kuseri kwa nyumba.

Palinso nkhani ya moyo wa wosambayo. Munthu wonyowa, wosavala nsapato, woima pa simenti, ndi njira yapafupi ya magetsi yopitira m'nthaka. Cifukwa cace payenera kukhala waya wa earth wofika pa citsulo cokhomedwa pansi, ndi earth leakage ya 30 mA yodula magetsi m'kuphethira kwa diso. Ili ndi batani loyesera, lidinizeni kawirikawiri. M'nthaka youma gwa ya mu Okutobala citsulo cija cimagwira nchito mofooka, ndipo izi zimadziwika ndi cipangizo copimira, osati ndi maso. Itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi mapepala, apime, aonenso katundu wa nyumba yonse. Lacisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, sitovu, ayironi, ketulo ndi shawa zimayaka nthawi imodzi, mwinanso pampu ya pa cithime.

Mukawerenga mtengo wa waya, buleka, earth leakage ndi mmisiri, mudzaona kuti mtengo wa shawayo ndi mbali cabe ya ndalama zonse. Onjezani mayuniti: anthu 6 osamba mphindi 10 aliyense pa shawa ya mawati 5,500 amadya mayuniti 5.5 pa tsiku. Kumbukiraninso 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi nkumazima kufikira maola 21 pa tsiku m'madera ena. Shawa yotere sisunga madzi ofunda ngakhale kapu imodzi. Magetsi akapita, yatha nchito.

Ine, pa munda wa ku Nyimba kumene dzuwa limaswa mtengo pafupifupi caka conse, ndikadasankha giza ya sola. Imadula pogula, koma sidya yuniti, ndipo madzi otenthedwa masana amafika m'mawa akali ofunda. Imangofuna kuti thanki yoipatsa madzi ikhale pamwamba pake, ndipo ena a inu amene muli ndi dimba lothirira muli nayo kale thanki pa nsanja.