Musanalembe Pulogalamu, Kachezeni Kaye ndi a Basala

Anzathu ophunzira za makompyuta sagona tulo. Lero akulimbana ndi Python, mawa kwabwera china, ndipo aliyense akuopa kutsalira. Ife ophunzira zauphunzitsi tikuwamvetsa, koma kwathu kuno timati kudziwa phunziro n'kosakwanira ngati sukumudziwa mwana amene ukumuphunzitsayo.

Taonani M-Pesa ya ku Kenya. Poiyesa koyamba, cholinga chinali choti anthu azibwezera ngongole zing'onozing'ono pafoni. Koma anthuwo anayamba kutumizirana ndalama okhaokha. Eni ake ataona zimenezi anasintha maganizo, ndipo mu 2007 Safaricom inaikhazikitsa ngati njira yotumizira ndalama kumudzi, pa foni wamba yamabatani. Anapambana chifukwa chomvetsera anthu.

Choncho musanalembe pulogalamu yolandirira fizi, kakhaleni tsiku limodzi mu ofesi ya a basala. Mukaona kholo likupereka theka, n'kulonjeza kudzamaliza likagulitsa soya. Pulogalamu yokana theka limenelo, ngakhale ikongole chotani, a basala adzaisiya n'kubwerera ku kope lawo lakale.

Phunziranibe zatsopanozo, anzathu, koma mlungu uliwonse patulani nthawi yocheza ndi amene adzagwiritse ntchito zimene mukupangazo. Paja safunsa anadya phula.