Tisathamangitse mafuta onse m'khola la nkhumba

Alimi ambiri pogula nkhumba yaimuna amayang'ana kutalika kwa msana ndi kukula msanga basi. Ogula a m'tauni nawo amakana nkhumba yonona, ati mafuta n'kuluza. Ine ndikuona kuti tikapitiriza chonchi tidzakhala ndi nkhumba zokongola m'maso koma nyama yake youma gwa, yotopetsa nsagwada.

Mafuta a nkhumba ali paŵiri. Alipo a pansi pa chikopa, oyera aja a pamsana, amene wogula amadandaula nawo. Ena amabisala m'kati mwa mnofu ngati timizere toyera, ndipo ameneŵa ndiwo amafeŵetsa ndi kukometsa nyama ikamapsa pa chiwaya. Ku Ulaya anatha zaka zambiri akusankha nkhumba zochepa mafuta a pamsana, ndipo a m'mnofu nawo anatsika. Lero Large White ndi Landrace nthaŵi zambiri zimakhala ndi magalamu 1 kapena 2 a mafuta pa magalamu 100 a mnofu wa pamsana, pamene Duroc, yofiira ija yochokera ku America, imafika 3 ngakhale kuposa.

Kusiyana kumeneku sikuchokera m'chakudya chokha. Pakati pa nkhumba za mtundu umodzi zodyera pamodzi, pafupifupi theka la kusiyana kwa mafuta a m'mnofu limachokera kwa makolo. Chokondweretsa n'chakuti mafuta aŵiriŵa sayenda limodzi nthaŵi zonse. N'zotheka kupeza nkhumba ya mafuta ochepa pamsana koma yonona bwino m'mnofu, ndipo imeneyo ndiyo yofunika kusunga.

Akatswiri anapeza ena mwa majini amene amalamulira zimenezi (sindikunena majini a ziŵanda ayi, koma timalangizo ta chibadwa timene mwana amatenga kwa make ndi bambo wake). Mu 2003 anapeza kuti kusintha pang'ono kwa jini ya IGF2 kumachulukitsa mnofu ndi kuchepetsa mafuta a pamsana, koma kumagwira ntchito pokhapokha mwana atatengera kwa bambo. Yaikazi ikhale nako, ana ake saonetsa. Mu 2014 a pa yunivesite ya Lleida ku Spain anaonetsa kuti mtundu wina wa jini ya SCD mu Duroc umachulukitsa mafuta a oleic, omwe amapezekanso ambiri mu mtedza, popanda kuonjezera kunona.

Jini imene imandidetsa nkhaŵa ndi ya halothane, imene chinsinsi chake chinadziŵika ku Canada mu 1991. Inafala kwambiri mu Pietrain, ya maŵanga ija ya ku Belgium. Imapatsa mnofu wambiri, inde, koma nkhumba yotengera mbali zonse ziŵiri imabanika msanga ikathamangitsidwa kapena ikamangidwa padzuŵa, mwina kufa kumene, ndipo nyama yake imatuŵa ndi kuchucha madzi. Taganizani nkhumba yotere ili pa njinga mwezi wa Okutobala ku Chikwawa! Wogulitsa mbewu ya nkhumba amene sangayankhe funso la jini imeneyi asakudyereni ndalama.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi onena kuti nkhumba zathu zakuda zija zingotha. Zimakula mochedwa, n'zoona, ndipo mafuta a pamsana zili nawo ambiri. Koma zimapirira chakudya chopereŵera, ndipo kumudzi mafuta amenewo ndiwo amakometsa ndiwo zamasamba. Mlimi wogulitsa m'tauni angachite bwino kukweretsa zazikazi za Large White ndi Landrace ndi yaimuna ya Duroc, monga achitira m'maiko ambiri.

Vuto n'lakuti msika wathu umalipira makilogalamu okha, ndiye mlimi avutikirenji? Mabutchala ndi mahotela ofuna nyama yabwino ayambe kuonjezera mtengo pa nyama yotero. Inunso alimi anzanga, mukapha nkhumba dulani mnofu wa pamsana, muyang'ane timizere tija, mulembe m'kope bambo wake. Pakutha pa nkhumba khumi mudzadziŵa yaimuna yoyenera kusunga.

Chibadwa sichichita zonse. Nkhumba ili ndi mimba imodzi, choncho mafuta amene yadya amaloŵa m'thupi osasintha kwenikweni. Madeya ambiri ndi soya wosafinya zimapatsa mafuta ofeŵa, osachedwa kuonongeka, ndipo usipa wochuluka umasiya fungo la nsomba. Chotsani nsombazo m'chakudya pakatsala mwezi wathunthu kuti muphe.