Zithunzi za ku Epworth: Umboni wa Umbanda Kapena Chitonzo kwa Osauka?

HARARE – Ku Epworth, pafupifupi makilomita 12 kummwera chakummawa kwa mzinda wa Harare, kuli dziwe lakuya lomwe linatsala pamalo amene ankakumbapo miyala. Nyuzipepala za m'Zimbabwe zimalitchula kuti “dziwe la imfa” chifukwa cha mitembo yomwe yakhala ikuvuulidwamo. Kwa anthu ambiri a kutali, chithunzi cha dziweli ndicho Epworth yense.

Masiku ano kujambula sikulinso ntchito ya atolankhani okha. Aliyense wokhala ndi foni akhoza kutola chithunzi cha chitseko chothyoledwa kapena njira yamdima imene wina anachitidwapo chipongwe, n'kuchitumiza pa WhatsApp nthawi yomweyo. Funso ndi lakuti zithunzizi zimathandiza ndani.

Chithunzi chimaonetsa bala, koma sichinena chomwe chinalibweretsa. Epworth anayamba ngati mishoni ya mpingo wa Methodist m'zaka za m'ma 1890. Anthu anachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1970 pamene ambiri ankathawa nkhondo kumidzi, ndipo bungwe loyendetsa derali, Epworth Local Board, linakhazikitsidwa mu 1986. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 200,000, kuphatikizapo ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Nyumba zambiri zinamangidwa misewu, mipope ya madzi ndi magetsi zisanafike. Kumene kulibe nyale za mumsewu, ndipo galimoto ya apolisi singathe kulowa, mbava imayenda mosaopa.

Anthu a kuno ali ndi chifukwa choopera mbiri yoti dera lawo ndi phanga la zigawenga. Mu May 2005 boma la Robert Mugabe linayamba ntchito yogumula nyumba ndi malo ogulitsirapo malonda, yotchedwa Murambatsvina, ponena kuti likuthana ndi umbanda ndi zomangidwa popanda chilolezo. Epworth sanasiyidwe. Lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya pokhala, popezera ndalama kapena zonse ziwiri. Chilango cha mbava chinagwera wosalakwa.

Komabe nthawi yomweyo inaonetsa kuti chithunzi chikhoza kuimira wolakwiridwa. Mu 2006 bungwe la Amnesty International linatulutsa zithunzi zotoledwa ndi setilaiti zosonyeza mudzi wa Porta Farm, kumadzulo kwa Harare, usanagumulidwe ndiponso utafafanizidwa. Umboni wotere unali wovuta kuutsutsa.

Phunziro lina likuchokera ku Kenya. Mu 2009 achinyamata a ku Kibera, mumzinda wa Nairobi, anayamba kujambula mapu a dera lawo pantchito yotchedwa Map Kibera, ndipo pambuyo pake anasonyezapo malo oopsa pamodzi ndi pamene pali nyale. Ku Epworth nako, anthu a ku Magada, mothandizana ndi mabungwe a Dialogue on Shelter ndi Zimbabwe Homeless People's Federation, anawerenga mabanja ndi kujambula mapu a malo awo pofuna kuti boma liwavomereze kukhalapo. Kuwiri konseku ojambula anali eni dera, ndipo zomwe anasonkhanitsa zinali zopita nazo kwa akuluakulu.

Kusiyana kuli pamenepo. Chithunzi cha chitseko chothyoledwa chikangoyendayenda m'mafoni chimachulukitsa mantha, ndipo chikaonetsa nkhope ya munthu wongoganiziridwa chikhoza kumuphetsa khoti lisanamve mlandu wake. Wochitumiza naye sali pabwino: lamulo la mu 2021 la Cyber and Data Protection Act limalanga wofalitsa dala uthenga wabodza pofuna kuvulaza mnzake. Koma zithunzi makumi angapo, chilichonse chokhala ndi tsiku, nthawi ndi malo, zikhoza kusonyeza makhansala ndi apolisi ngodya yeniyeni yofunika nyale, ndi maola ofunika olondera.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a ku Ndirande, Mtandire, Kanyama ndi madera ena odzaza anthu m'chigawo chino. Asanatumize chithunzi, wojambula ayenera kudzifunsa kuti chikupita kwa yani, ndipo amene achilandireyo ali ndi mphamvu yokonza chiyani.